Makina otsukira mbale akavuta, tsatani njira ya madzi

Makina otsukira mbale akayamba kuvuta, ambirife timathamangira kuganiza kuti mota yapsa kapena kakompyuta ka m'kati mwake kafa. Kawirikawiri sizikhala choncho. Ntchito ya makinawa ndi inayi basi: kulowetsa madzi, kuwatenthetsa, kuwapopera pa mbale mwamphamvu, ndi kuwataya. Josephine Cochrane, mayi wa ku America amene analembetsa umwini wa makina oterewa mu 1886 n'kukawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893, ankafuna kuti mbale ziziyera ndi mphamvu ya madzi, osati ndi burashi, ndipo mpaka lero mfundo yake ikadali yomweyo. Ndiye vuto likabuka, dzifunseni kuti madziwo aima pati. Mukawalondola kuchokera pampope mpaka paipi yotayira, mupeza kuti chasokoneza zonse mwina ndi kafupa, kapepala komata pabotolo, kapena mafuta amene aundana m'sefa.

Zimandipweteka mtima kuona makina abwinobwino atangokhala miyezi, eni ake atagwa nawo ulesi, pa vuto loti likanatha m'mphindi 20.

Musanagwire chilichonse

Zulani pulagi pakhoma. Ngati makina anu analumikizidwa mwachindunji ku mawaya a nyumba, thimitsani swichi yake pabokosi lalikulu la magetsi. Kudina batani lozimitsira la pachitseko sikokwanira, chifukwa magetsi amakhala akadali m'kati. Tsekaninso mpope umene umapereka madzi ku makinawo, womwe nthawi zambiri umakhala pansi pa sinki. Ngati anali pakati pa ntchito, adikireni azizire, pakuti madzi ake amafika madigiri 60 mpaka 70 ndipo nthunzi yake imawotcha.

Sonkhanitsani mataulo akale, beseni losaya, kapu, siponji, mswachi wakale, tochi, kamtengo kotokosera m'mano ndi magolovesi okhuthala. Pezaninso buku la malangizo. Ngati linatayika, nambala ya mtundu wa makina anu yalembedwa m'mphepete mwa chitseko, ndipo mukailemba pa intaneti bukulo mulipeza.

Akakana kuyamba n'komwe

Lumikizani ketulo kapena nyale pa soketi yomweyo. Ikapanda kuyaka, vuto lili ku magetsi a nyumba, kaya fyuzi kaya swichi imene yagwa pabokosi. Swichiyo ikagwanso mutangoyatsa makina, musalimbane nayo. Ikukuuzani kuti magetsi akuthawira penapake, mwina pa elementi yotenthetsera madzi imene yawonongeka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Ngati timagetsi ta pachitseko tikuyaka koma makina angoti zii, kankhani chitseko mpaka mumve kaloko kake katagwira. M'kalokomo muli kaswichi kamene kamaletsa makina kuyenda chitseko chili chotsegula, ndipo chigwiriro cha poto chongotulukira pang'ono chikhoza kulepheretsa kutsekeka. Onaninso ngati wina sanadine mosadziwa batani lochedwetsa kuyamba kapena loko wotetezera ana. Zonsezi zikakhala bwino, asiyeni makinawo opanda magetsi kwa mphindi 5, kenako yatsaninso.

Madzi sakulowa

Apa mugwiritse ntchito khutu. Makina ambiri amayamba ndi kutaya timadzi totsalira kwa kanthawi, kenako mumamva madzi akulowa. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, tsegulani chitseko pang'onopang'ono. Pansi payenera kukhala madzi okwirira sefa, osafika m'mphepete mwa chitseko. Mukapeza pouma, zimitsani ndipo yambirani kumpope: kodi ndi wotsegula mokwanira? Kodi paipi sinapindike kuseri pamene munkakankhira makina kukhoma?

Tsekani mpope, ikani beseni pansi, masulani paipi. Polumikizirapo pali kasefa kakang'ono kamene kamagwira mchenga ndi dzimbiri. Katulutseni mosamala, katsukeni ndi mswachi, kabwezereni pamodzi ndi kalabala kake. Makina ena, makamaka a ku America, ali ndi kachoyandama kapulasitiki kooneka ngati bowa pakona yapansi m'kati. Kanyamuleni n'kukasiya: kayenera kukwera ndi kutsika mosavuta. Kakakakamira m'mwamba chifukwa cha zinyalala, makina amayesa kuti adzaza kale, ndiye salowetsa ngakhale dontho. Ngati zonsezi zili bwino koma madzi sakubwerabe, kavavu kamagetsi kolowetsera madzi n'kamene katha, ndipo kamafunika kusintha.

Mbale zikutuluka zakuda

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo m'pamene ndikufuna tikhalitse. Makina amakono amagwiritsa ntchito malita a madzi ongopitirira pang'ono 10 pa ulendo wonse. Amatha kutero chifukwa madzi omwewo amazungulira kambirimbiri, kudutsa m'sefa nthawi iliyonse asanapoperedwenso. Sefa ikatsekeka, madzi amachepa mphamvu, ndipo ochepa amene akudutsawo amabwezera litsiro pa mbale zomwezo. N'chifukwa chake mumapeza timisere ngati mchenga m'matambula a m'basiketi yapamwamba.

Tulutsani basiketi yapansi. Pakati penipeni muona sefa yobulungira ngati kapu. Ipotokoleni kumanzere, inyamuleni, kenako chotsani chisefa chafulati chimene chaizungulira. Ngati papita nthawi osatsukidwa, mupeza chinthu choterera chotuwa chitamatirira m'mbali, chonunkha. Tsukani zonsezi pampope ndi madzi ofunda, mswachi ndi kasopo pang'ono, ndipo mutsukuluze bwino kuti thovu lisatsalire. Ikwezeni sefayo kowala muyang'ane: timabowo tonse tiyenera kulowa kuwala. Musagwiritse ntchito waya wokwechera mapoto, chifukwa ukang'amba ukonde wake zinyalala zizipita molunjika ku pampu. Poibwezera, ipotokoleni mpaka igwire; pa makina ambiri pali timivi tiwiri toyenera kuyang'anizana. Ine ndimachita zimenezi mlungu uliwonse, ndipo kwa amene satsuka mbale zambiri kamodzi pamwezi kasaphonye.

Kenako bwerani ku mikono yopopera madzi, umodzi pansi, wina kunsi kwa basiketi yapamwamba. Pa makina ochuluka mikonoyi siyendetsedwa ndi mota. Imazungulira chifukwa timabowo tina, makamaka ta kumapeto, tinaboledwa mopendekera, moti madzi akamatuluka amaukankha mkonowo. Kabowo kamodzi ka kunsonga kakatsekeka, mkono ukhoza kuima, n'kumangothira malo amodzi pamene mbale zina zonse zikungomva nthunzi. Kuti mutsimikize, yang'anani kumene mkono waloza, tsekani chitseko, makina ayende mphindi imodzi akupopera, ndiye mutsegule. Mukachita kawiri katatu n'kuupeza waloza komweko, sukuzungulira.

Wapansi umazuka mukaukoka m'mwamba, wapamwamba umamasulidwa pa kanati kake kapulasitiki. Ugwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakulira m'kati, ndi kanjere kapena kachidutswa ka mbale yosweka. Tokosani kabowo kalikonse ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati msomali, chifukwa bowo likakula madzi amatuluka ofooka. Thirani madzi apampope pakati pa mkonowo, muugwedeze, zinyalala zitulukire pabowo lalikulu.

Nthawi zina makina alibe mlandu, vuto ndi kapakidwe. Musanatseke chitseko, zungulitsani mikono yonse ndi dzanja muone ngati sikugunda mbale yaitali kapena supuni imene yatulukira pansi pa basiketi. Mbale zisakumbatirane, masupuni asagonerane, ndipo makapu aziyang'ana pansi. Thireyi yaikulu musaiimike kutsogolo kwa kabokosi ka sopo, chifukwa kachitseko kake kamalephera kutseguka ndipo sopoyo mumamupeza ali momwemo ataphwanyika theka. Kabokosiko kazikhala kouma poikamo sopo. Sopo waufa akagwira chinyezi n'kuumbika amakhala atatha mphamvu, ndipo wa mibulu sasungunuka mokwanira pa pulogalamu yaifupi kwambiri.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiletsa: kutsukiratu mbale pampope musanaziike m'makina. Ingopalani zotsalira za chakudya n'kutaya. Makina ambiri ali ndi kachipangizo koona mmene madzi adera, ndipo madzi oyamba akatuluka oyera, makinawo amafupikitsa ntchito, zouma zomatirira n'kutsala. Komanso musadabwe pulogalamu yosunga magetsi ikamatenga maola atatu kapena anayi. Sikuti yawonongeka. Imatenthetsa madzi pang'ono, n'kulipira ndi nthawi.

Madzi atsalira pansi

Timadzi tochepa m'dzenje la kunsi kwa sefa si vuto. Koma madzi akakwera pamwamba pa sefa n'kuyala pansi ponse makina atamaliza ntchito, njira yotayira yatsekeka. Musanavutike ndi makina, tsegulani mpope wa pasinki muone ngati madzi akutsika msanga. Makina ambiri amatayira m'paipi yomweyo, ndiye sinki ikatsekeka nawonso amasowa kotayira.

Ngati sinki ili bwino, zulani pulagi, tungani madziwo ndi kapu, omalizirawo muwamwetse siponji. Chotsani sefa, valani magolovesi, unikani ndi tochi m'dzenjemo. Cha m'mbali muli kachivundikiro ka pampu yotayira madzi. Pa makina a kampani ya Bosch, amene amalemba E24 akalephera kutaya madzi ndi E25 pampu ikatsekeka kapena kachivundikiro kake kakakhala kosakhazikika, kachivundikiroko kamachotsedwa pokakhwekhwetula ndi supuni. Pa ena kali ndi sikuluwu. Kuseri kwake muona kagudumu ka timapiko. Kazungulitseni ndi chala cha m'golovesi. Kayenera kuyenda, ngakhale kuti kamadumphadumpha pang'ono chifukwa cha maginito a m'mota, ndipo zimenezo n'zabwinobwino.

Makina anga atachita zimenezi, pampu inkangong'ung'udza koma madzi osasuntha. Nditaunika ndinaona kanthu kakunyezimira pakati pa timapiko. Kanali kachidutswa ka galasi kaching'ono ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono, ka tambula imene inasweka milungu iwiri m'mbuyomo, ine n'kumayesa kuti ndinatola zonse. Ndinakatulutsa ndi kopanira, ndipo m'mphepete mwake munali mwakuthwa moti kanadula golovesi. Ndikanapisa chala chopanda kanthu, ndikanachekeka kwambiri. Choncho za magolovesizi musazitenge mopepuka.

Pampu ikakhala yoyera, tsatani paipi yotayira. Kokani makina pang'ono, mothandizana ndi wina ngati n'kotheka, muone ngati paipiyo sinapsinjike. Imasuleni pamene yalumikizana ndi paipi ya sinki, beseni lili pansi, chifukwa pamenepa m'pamene mafuta amakonda kuundana mpaka bowo kutsala ngati la udzu womwera. Paipiyo iyeneranso kukwera kaye m'mwamba, kufika kunsi kwa thabwa la kauntala, isanatsikire ku sinki. Ikangogona pansi, madzi akuda a musinki amabwerera m'makina. Amene ali ndi chigayo cha zinyalala pansi pa sinki ndipo changoikidwa kumene, aone ngati kachotsekera kapulasitiki ka polowera paipi ya makina kanachotsedwa, pakuti oika amakaiwala kawirikawiri.

Mukabwezera zonse, thirani madzi okwana lita imodzi kapena awiri m'makina, yatsani, sankhani zotaya madzi. Akatuluka, mwathana nazo. Pampu ikangokhala chete osalira n'komwe, ndiye yapsa kapena sikulandira magetsi.

Akamadontha

Yambani mwayang'ana thovu. Sopo wotsukira mbale pamanja saloledwa m'makinawa ngakhale pang'ono, chifukwa amachita thovu lochuluka limene limasefukira pansi pa chitseko. Nawo madzi owalitsira mbale aja, amene pabotolo amalemba kuti rinse aid, akatayikira pothira n'kusiyidwa osapukuta amachita chimodzimodzi. Likakhala thovu, litungeni, thiranimo supuni imodzi ya mafuta ophikira kuti liphwe, kenako yendetsani pulogalamu yotsukuluza kangapo makina ali opanda kanthu.

Ngati si thovu, pukutani pansi paume, yalani katoni kutsogolo ndi m'mbali, yatsani makina, mukhale pomwepo ndi tochi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dontho loyamba ndi limene likuuzeni gwero, chifukwa pakapita nthawi ponse pamakhala patanyowa. Likachokera kuchitseko, pukutani labala wozungulira chitsekocho ndi kansalu konyowa, makamaka m'munsi mmene madzi opopera safikamo ndipo litsiro limawunjikana. Labala wong'ambika kapena wouma gwa amasinthidwa, ndipo pa makina ambiri amangokokedwa mumzera wake n'kukanikiziramo watsopano. Mkono wopopera ukang'aluka pamsoko umaponya madzi molunjika m'munsi mwa chitseko, choncho uyang'aneninso. Makina opendekera kutsogolo nawo amadontha. Miyendo yake imapotokoledwa kuti akhale mowongoka. Dontho likachokera kumbuyo, limbitsani polumikizira mapaipi.

Makina ambiri a ku Europe ali ndi thireyi kunsi kwenikweni, yokhala ndi kachoyandama kake. Madzi akadonthera mmenemo, makina amatseka kolowera madzi ndipo pampu yotayira imangolira osaleka. Pa Bosch pamaoneka E15. Anthu ambiri amangowapendeketsa kuti madziwo atayike, chizindikirocho n'kuzimiririka. Ine sindikondwera nayo njira imeneyi, chifukwa madzi akhoza kuyenderera kukafika ku mawaya, komanso podonthapo pamakhala pakadalipo. Ndi bwino kuzula pulagi, kuchotsa chitsulo chotchinga m'munsi kutsogolo, kumwetsa madziwo siponji, n'kufufuza kumene achokera.

Zoyera pa matambula

Tengani tambula imodzi yochita mbuu, muipukute ndi kansalu koviika mu viniga woyera. Ikayera, vuto ndi laimu wa m'madzi, amene amachokera ku kashiamu ndi maginiziyamu. Ikapanda kusintha, galasilo ladyeka, ndipo kudyekako sikubwerera. Kumachitika madzi akakhala ofewa kwambiri, sopo atachuluka, kutentha kutakwera. Zikatero chepetsani sopo ndipo matambula muziwatsuka pa pulogalamu yosatentha kwambiri.

Pa za laimu, onani ngati makina anu ali ndi chitsekerero chachikulu pansi m'kati, pafupi ndi sefa. Mmenemo mumathiridwa mchere wapadera wa makina otsukira mbale, umene umathandiza chipangizo chofewetsa madzi kuti chizigwirabe ntchito. Mchere wa patebulo musathiremo, chifukwa uli ndi zina zoletsa kuumbika zimene zimatseka chipangizocho. Mukathira, tsekani chitsekererocho molimba ndipo yendetsani makina nthawi yomweyo kuti mchere wotayikira usadye chitsulo. Kuti muchotse laimu amene wamatirira kale, yendetsani makina opanda mbale pa pulogalamu yotentha kwambiri, mutaikamo mankhwala otsukira makinawa kapena ufa wa citric acid, asidi wopezeka m'mandimu. Kapu ya viniga yoimikidwa m'basiketi yapamwamba imathandizanso mwa apo ndi apo, koma vinigayo musamuthire m'kabokosi ka rinse aid chifukwa akakhalitsa amawononga malabala. Ndipo musayerekeze kusakaniza viniga kapena asidi aliyense ndi mankhwala oyeretsera okhala ndi klorini: zimatulutsa mpweya wapoizoni.

Mbale zonyowa, madzi ozizira

Ziwiya zapulasitiki zikamatuluka zonyowa pamene mbale zadothi ndi magalasi zauma, makina ali bwino. Pulasitiki sasunga kutentha kokwanira kuumitsa madzi. Dzazani rinse aid, tsegulani chitseko pang'ono ntchito ikatha, ndipo muziyamba kutulutsa basiketi yapansi kuti timadzi ta pamatako a makapu tisadonthere mbale zouma.

Koma zonse zikamatuluka zozizira, zonyowa ndi zamafuta, madzi sakutentha. Pakatha mphindi 20 kapena 30 pa pulogalamu yotentha, tsegulani chitseko mosamala, nkhope ili patali. Pakapanda kutuluka nthunzi, ganizirani za elementi. Pa Bosch pamalembedwa E09. Amene amadziwa kugwiritsa ntchito multimeter, mita yoyezera zamagetsi, akhoza kuiyeza magetsi atazulidwa: elementi ya mawati 2000 yoyendera mavoti 230 imaonetsa pafupifupi ma ohm 26, ndipo ikaduka m'kati mita sionetsa kulumikizana kulikonse. Pa makina ambiri atsopano elementiyo inamangidwira pamodzi ndi pampu yozungulitsa madzi kunsi kwa makina, ndiye ngati simunazolowere ntchito zamagetsi, apa m'poimira.

Fungo loipa limatha mukatsuka sefa, labala wa chitseko ndi kukonza kakwezedwe ka paipi yotayira. Phokoso logogoda mobwerezabwereza ndi mkono umene ukugunda mbale, pamene lokukuta ndi chinthu cholimba chimene chalowa m'pampu.

Poitana mmisiri

Mukamva fungo la waya wopsa, mukaona mawaya akuda kapena pulagi yosungunuka, swichi ya pabokosi ikamagwagwa, kapena makina akamadzaza madzi koma osawapopera n'komwe, zulani pulagi, tsekani mpope, itanani mmisiri. Ngati makinawo akadali pa galanti, musamasule zitsulo za m'mbali kapena za kunsi, chifukwa mukhoza kuitaya. Kutsuka sefa, mikono ndi kachivundikiro ka pampu ndi zina mwa ntchito zimene mabuku a malangizo amalola mwini wake. Musanaimbe foni, lembani nambala ya mtundu wa makina, chizindikiro chimene chikuoneka, ndi pamene akuimira: polowetsa madzi, popopera, kapena potaya. Mmisiri akamva zimenezi amabwera atanyamuliratu chipangizo choyenera.

Ngati mwakonza nokha, musapakiremo mbale nthawi yomweyo. Onetsetsani kuti sefa yagwira, mikono ikuzungulira ndi dzanja, ndipo mapaipi onse alimba. Tsegulani mpope pang'onopang'ono, gwirani polumikizira ndi kapepala kouma muone ngati kakunyowa, kenako yendetsani pulogalamu yaifupi makina ali opanda kanthu. Mphindi 10 zoyambirira khalani pomwepo ndi tochi mukuyang'ana kunsi, ndipo mubwerenso pomwe akutaya madzi omaliza kuti muone pansi pa sinki.